AC ya mateyala: ingachepetsedi ndalama za magetsi m'nyengo yotentha ino?

Nachisale:
Akuluakulu, Okutobala wafika ndipo funso lija layambanso kubwera kumbali: kodi AC (makina oziziritsa mpweya) ya mateyala, ija umangoikankha n'kuilowetsa m'chipinda osaboola khoma, ingamuthandize munthu kuchepetsa ndalama za magetsi? Kuli bwino tiyankhire pano pagulu kamodzi. Kuti tisamangolankhula m'malere, titenge chipinda chimodzi: chogona, mamita 3.5 m'lifupi ndi 4 m'litali, nyumba ya lendi kuno ku Blantyre, denga la malata, siling'i ilipo, zenera limodzi loyang'ana kumadzulo, mita ya prepaid. A magetsi ndi a mafiriji, bwalo ndi lanu.

Mbewe Wamagetsi:
Mayi, tiyambe tagwirizana kuti kuchepetsa kwake tikuyerekeza ndi chiyani. Ngati panopa munthu akugona ndi fani, AC singamupulumutsire ngakhale tambala. Fani yoimika pansi imadya mawati 45 mpaka 60. Pa maola 8 sikwanitsa ndi theka la yuniti lomwe, mwezi wonse mayunitsi 11 mpaka 14. AC ya mateyala ya 9,000 BTU (BTU ndi muyezo wa mphamvu yoziziritsa) imadya mawati pafupifupi 1,000 kompuresa, injini yopopa gasi woziziritsa, ikamayenda, ndiye kuti yuniti imodzi pa ola. Ikachezera usiku wonse osapuma ndi mayunitsi 8, pamwezi 240. Ya 12,000 BTU imakoka mawati 1,200 mpaka 1,400, muwerengere nokha.

Imapulumutsa ndalama pamalo amodzi: m'nyumba momwe muli kale AC yaikulu ya 18,000 kapena 24,000 BTU pabalaza, ndipo anthu amaiyatsa usiku n'kutsegula zitseko kuti kuzizira kufike kuzipinda. Apo kuzimitsa yaikuluyo n'kuziziritsa chipinda chimodzi chotseka n'kopindulitsa. Kwa wa lendi amene eni nyumba amukaniza kuboola khoma, nkhani si kupulumutsa, koma kuti 240 uja amutsitse bwanji afike cha ku 100. Zimatheka.

Za kwacha sinditchula chifukwa MERA ikasintha mitengo zomwe ndalemba zifa. Tengani uthenga wa token yanu yomaliza, gawani ndalama zomwe munalipira ndi mayunitsi omwe munalandira. Umenewo ndiye mtengo wanu weniweni wa yuniti imodzi, misonkho ili momwemo.

Fundi wa Mafiriji:
Ndiwonjezere pa kukula kwake, chifukwa pamenepa m'pamene anthu amatayira ndalama asanayatse n'komwe. Muyezo wapamtunda womwe timagwiritsa ntchito kumalo otentha ndi 500 mpaka 600 BTU pa sikweya mita imodzi. Chipinda cha mayi ndi masikweya mita 14, ndiye chikufuna 7,000 mpaka 8,400. Ya 9,000 yakwana, bola nambalayo ikhale yeniyeni.

Koma chenjerani ndi nambala ya pakatoni. Makina a mateyala amalembedwa nambala ziwiri. Yaikulu ndi ya muyezo wakale, yomwe siwerengera kutentha komwe makinawo amabweza okha m'chipinda. Ku America anabweretsa muyezo wina wotchedwa SACC, ndipo makina omwewo olembedwa 14,000 amatsika n'kufika cha m'ma 8,000 mpaka 10,000. Mukaona nambala ziwiri, khulupirirani yaing'onoyo. Mukaona imodzi yokha, muichotsere gawo limodzi mwa magawo atatu mumtima mwanu.

China: makina opanda payipi yotulutsira mpweya wotentha kunja si AC, kaya wogulitsa alumbire bwanji. Ndi fani ya madzi.

Tadala_Soche:
A Fundi, n'chifukwa chiyani nambalayo imatsika chonchi? Kutentha kwakeko kukuchokera kuti poti payipi ikutaya kunja?

Fundi wa Mafiriji:
Funso labwino mchemwali. AC iliyonse ili ndi mbali ziwiri, yozizira ndi yotentha. Pa split ija yomangirira kukhoma, mbali yotentha ili panja ndipo imadziziziritsa ndi mpweya wa panja. Pa ya mateyala mbali zonse ziwiri zili m'chipinda mwanu. Kuti iziziritse mbali yotenthayo, imayamwa mpweya wa m'chipinda, womwewo mwaulipirira kuti uzizire, n'kuuponya kunja kudzera m'payipi. Pa ola limodzi imatha kutaya mpweya wochuluka kangapo kuposa wonse wa m'chipinda cha mayi chija.

Chipinda sichingakhale chopanda mpweya. Wotayidwawo umalowedwa m'malo ndi wina, ndipo winayo amalowera paliponse pomwe pali mpata: pansi pa chitseko, m'mavent aja a pamwamba pa zenera, m'mipata ya magalasi a louvre, ndiponso pa kachitseko kolowera kusiling'i. Yesani izi: AC ikuyenda, chitseko chotseka, ikani kapepala ka tishu pansi pa chitsekocho. Kagona kuloza m'kati ngati kakukokedwa ndi ulusi. Ndi mpweya wa m'khonde umenewo ukulowa.

Zilipo za mapayipi awiri, imodzi yokoka mpweya wa panja, ina yoponya. Zimenezo vutoli zilibe kwenikweni, koma kuno n'zosowa ndipo n'zokwera mtengo.

Che Jafali:
Apa nditsutseko pang'ono a Fundi, osati pa sayansi yake koma pa Blantyre. Zomwe mwanenazi zimapweteka kwambiri masana, panja pakakhala madigiri 32 kapena 33. Usiku wa kuno ndi wina. Tili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo ngakhale mu Okutobala, pakati pa usiku panja pamatsika kufika cha m'ma 20. Chomwe chimatisowetsa tulo si mpweya wa panja ayi, ndi makoma ndi siling'i zomwe zamwa dzuwa tsiku lonse ndipo zikulavula kutenthako mpaka mbandakucha. Chipinda chimakhala pa 29 panja pali 22.

Ndiye usiku, ngati mpweya wolowa m'malowo ukuchokera panja penipeni, sukuwonongerani kanthu, mwina ukukuthandizani. Woipa ndi wochokera pakati pa malata ndi siling'i, komanso wa kukhitchini. Choncho musathamangire kumata pena paliponse. Matani kachitseko ka siling'i ndi tepi ya siponji, tsekani pansi pa chitseko ndi thaulo lopinda, koma kavent kamodzi koyang'ana panja, kutali ndi pomwe payipi ikutulukira, kasiyeni ndi gauze yake. Ku Chikwawa, ku Nchalo kapena ku Nsanje sindinganene zimenezi, uko usiku ndi ng'anjo ndithu. Koma ku Limbe, ku Bangwe, ku Chigumula, mwinanso AC n'kungovutika nayo.

Fundi wa Mafiriji:
Che Jafali mwanena zoona, ndalandira. Masana matani ponse momwe mungathere, usiku musiyire mpweya njira yoti ulowere kuchokera panja. Gauze yokha isang'ambike, chifukwa kukoka kuja kumabwera ndi udzudzu. Neti isachoke pabedi ati chifukwa muli ndi AC.

Nachisale:
Kalipentala ali kuti? Mazenera ambiri kuno si aja otsetsereka omwe zipangizo za m'katoni zimapangidwira. Athu ndi a louvre kapena achitsulo otsegukira kunja, ena ali ndi ma burglar bar.

Kalipentala wa ku Ndirande:
Ndilipo mayi. Kapulasitiki kotalika kaja kobwera m'katoni n'ka mazenera otsetsereka, pa athuwa sikagwira. Ambiri amangopachika payipi pazenera lotsegula n'kuphimba ndi katani. Kumeneko n'kutunga madzi ndi dengu. Mpweya wotentha umatuluka n'kubwerera pompo.

Pa zenera la louvre chitani chonchi. Yezani kukamwa kwa payipi, zambiri ndi mamilimita 130 kapena 150. Galasi limodzi la louvre nthawi zambiri silikwana, ndiye chotsani awiri apansi. Timawongola pang'ono tizitsulo togwira galasi tija n'kulisolola, muwasunge bwino pansi pa bedi kuti podzatuluka m'nyumbamo mudzawabwezeretse, eni nyumba asadzakudyereni dipoziti. Dulani pulayiwudi ya mamilimita 6 kapena 9 yolingana ndi mpata wotsalawo. Boolani dzenje lolingana ndi kukamwa kwa payipi, mangani kachipangizo ka kumapeto kwa payipi kaja ndi masikuluwu 4 aafupi. M'mphepete monse mwa thabwalo matani siponji ya mamilimita 10 kuti likamalowa lizipanikizika. Kunja kwake pakani penti yoyera, apo ayi mvula yoyamba ya Novembala ilifufumitsa. Pakamwa pa dzenjelo ikani waya wa maso akuluakulu wotchinga makoswe ndi abuluzi, osati gauze ya udzudzu, imeneyo imatsamwitsa mpweya ndipo imagwira fumbi.

Magalasi otsalawo satsekana bwino, pakati pawo pamakhala mpata. Tepi yoonekera mkati ikwanira pa nyengo yonseyi.

Pa zenera lachitsulo lotsegukira kunja pali njira ziwiri. Mutsegule phiko limodzi n'kulimangirira, kenako mutseke mpata wonsewo ndi thabwa kuchokera m'kati. Kapena muchotse kagalasi kamodzi pokanda pati yake n'kuikapo thabwa. Yachiwiriyi ndi yaudongo ndipo zenera limakiyikabe. Ma burglar bar akapanikizana kuposa kukamwa kwa payipi, musaiphwanye payipiyo kuti ilowe. Thabwa likhale m'kati mwa zitsulozo, mpweya udutsa wokha pakati pake.

Mbewe Wamagetsi:
Pa payipi pomwepo. Imabwera ya mita imodzi ndi theka ikatambasulidwa yonse. Musaiwonjezere. Anthu amalumikiza payipi ina kuti makina akhale pafupi ndi bedi, fani ya m'kati ilibe mphamvu yokankha mtunda umenewo, mpweya umabwerera, mbali yotentha imapsa, kompuresa imazima yokha kapena imakoka magetsi ochuluka. Ikani makina pafupi ndi zenera, payipi ikhale yaifupi momwe ingathere ndi yowongoka, osapinda ngati chigongono.

Muigwire payipiyo AC itayenda mphindi 20. Imatentha, madigiri 45 kapena kuposa. Ndi hita imeneyo ya mawati oposa 100 ili m'chipinda chomwe mukuziziritsa. Ikulungeni ndi foil ija ya siponji yoika pansi pa malata, mangani ndi tepi. Bulangete lakale limagwiranso, bola lisafinye payipi. Kumbuyo ndi m'mbali mwa makina musiye masentimita 50 kuchoka kukhoma, ndipo katani isagwere pa malo oyamwira mpweya.

Che Jafali:
Ine ndibwerere kudenga, chifukwa ndalama zambiri zili kumeneko, si m'makina. Blantyre ili cha pa madigiri 16 kum'mwera kwa equator, ndiye kumayambiriro kwa Novembala dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni. Pa sikweya mita iliyonse ya denga pamagwa mawati oyandikira 1,000. Malata osapentedwa, makamaka akale ochita dzimbiri, amatentha moti simungaikepo dzanja, ndipo siling'i yopyapyala imangolandira n'kupatsira pansi.

Zenera la kumadzulo lija nalonso ndi mdani. Kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko, galasi la sikweya mita imodzi limalowetsa mawati mazana angapo. Katani ya m'kati imathandiza pang'ono chabe, poti kutentha kumakhala kutalowa kale. Tchingani kunja. Mphasa kapena chitsekero cha nsungwi chopachikidwa kunja kwa zenera, chotalikirana ndi galasi masentimita 15 kapena 20 kuti mpweya uzidutsa, chimagwira ntchito kuposa makatani odula a m'tauni.

Mwini nyumba apake malata penti yoyera, ayale foil kapena zotchinga kutentha pamwamba pa siling'i ya chipinda chogona chokha, masikweya mita 14 basi. Wa lendi akambirane ndi landilodi, mwina n'kuchotsera pa lendi.

Ndondomeko ya madzulo ndi iyi. Dzuwa likangolowa, cha m'ma 6 koloko, tsegulani mazenera okhala ndi gauze ndi chitseko, ikani fani pazenera ikuloza kunja kuti itulutse chifundizi cha masana. Ola limodzi kapena awiri, zimenezo ndi mawati 50 okha. Kenako mutseke, muyatse AC mphindi 30 musanagone. Mukaiyatsa 5 koloko chipinda chili ng'anjo, maola awiri oyambawo mukulipira kuziziritsa njerwa.

Tadala_Soche:
Nanga pa remote tiziika pa chiyani? Ambiri amathamangira pa 16 kuti zizizire msanga.

Mbewe Wamagetsi:
16 sifulumizitsa kanthu. AC za mateyala zambiri si za inverter, kompuresa yake ili ndi liwiro limodzi: yayaka kapena yazima. Muike 16, muike 26, mpweya wotuluka ndi wozizira chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'koti pa 16 chipinda sichidzafikapo, ndiye kompuresa sipuma mpaka kucha. Ndiwo mayunitsi 8 aja.

Ikani pa 25 kapena 26, muyatsenso fani wamba iziomba chakubedi. Mphepo yodutsa pakhungu imachititsa thupi kumva ngati kwazizira ndi madigiri ena awiri. Chipinda chikakhala chomata bwino, kompuresa imayenda pafupifupi theka la nthawi, ndipo usiku umatha ndi mayunitsi 4 kapena 5.

Kuti mufike ku 100 pamwezi gwiritsani ntchito timer. AC kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko usiku, kenako izime yokha, fani ipitirize. Maola 3 a AC ndi mayunitsi 3 zikavuta, fani usiku wonse theka la yuniti osakwana. Tinene 3.4 pa usiku, kuchulukitsa ndi 30, mayunitsi 102. Pofika 12 koloko munthu amakhala atagona ndipo panja patazizira, ndiye mukadzidzimuka ndi kutentha n'kungotsegula zenera.

Ndipo musangokhulupirira ine. Lembani mayunitsi a pa kiyipadi musanagone ndi m'mawa, usiku umodzi AC yozima, usiku wina yoyaka. Kusiyana kwake ndiye chakudya cha AC yanu. Njira yachangu: pa mita pali kanyali kofiira kothwanima, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala, pa mamita ambiri ndi 1000 imp/kWh. Ngati yanu ndi imeneyo, zimitsani giza, ketulo ndi firiji kwa kanthawi, yatsani AC, dikirani kompuresa ilire, werengani kuthwanima pa mphindi imodzi n'kuchulukitsa ndi 60. Kukathwanima ka 17, ndi mawati 1,020.

Anganga a Chilomoni:
Ana anga, mwaiwala nyumba za mita imodzi ya magetsi makomo anayi. Pa puloti yotere munthu akalowetsa chinthu chodya mayunitsi 100 kapena 200 pamwezi, anzake ongoyatsa mababu ndi kutchaja mafoni, pabuka nkhondo. Payipi yotuluka pazenera ija sibisika.

Mbewe Wamagetsi:
Zoona agogo. Pamenepo pali timamita ting'onoting'ono tolowetsa pa soketi, AC n'kulowa mwa iko, kamawerenga mayunitsi a chinthu chimodzicho. Mwini AC alipire zake zapadera, anzake akuona nambala ndi maso awo. Mugule kokhoza kunyamula ma amp 13.

Poti talowa za soketi. AC ya mawati 1,000 imakoka ma amp 4 ndi theka, ya 1,300 pafupifupi 6, ndiye soketi yabwino ya kukhoma ya ma amp 13 siivutika. Vuto ndi ma extension otchipa a mabowo asanu, omwe waya wake m'kati ndi woonda ngati ulusi. Kompuresa ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka katatu kapena kasanu kwa kamphindi, ndipo imachita zimenezi kambirimbiri pa usiku umodzi. Pulagi imayamba kutentha, pulasitiki imachita bulauni, kenako fungo. AC ilowe kukhoma molunjika. Ngati sizingatheke, extension ikhale yaifupi, ya waya wa 1.5 mm² kapena kuposa, yotambasulidwa yonse, yopanda china chilichonse. Itayenda ola, gwirani pulagi. Kufunda pang'ono n'kwabwinobwino, kutentha koti mubweze dzanja ndiye kuti penapake sipanagwire bwino.

Zochokera ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira akuluakulu. Iduleni muike yathu ya mano atatu amakona, ya fyuzi ya ma amp 13, waya wa earth ulumikizidwe. Ma adaputa ndi omwe amasungunuka. Zochokera ku America kapena ku Japan n'za mavoti 100 mpaka 120, ife tili pa 230. Zisiyeni, kaya zitchipe bwanji.

Che Mabatire:
Wina afunsa za nthawi yomwe magetsi athima, ndiye ndiyankhiretu. Batire la 12V 200Ah limasunga mayunitsi 2.4 papepala. Ngati ndi la mtovu, loti likhalitse mumangotapa theka, mayunitsi 1.2. Inverter, yosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba, idyapo zake. AC ya mawati 1,000 ilimaliza pa ola limodzi. Batire lomwelo liyendetsa fani ya mawati 50 kwa maola pafupifupi 20. Sankhani nokha.

Batire la lithium la mayunitsi 5 likhoza kuinyamula maola 4, kapena kupitirira ngati kompuresa ikupuma, koma inverter ikhale ya pure sine wave ndipo isachepere 3 kVA chifukwa cha kudzuka kuja. Ya modified sine wave imaliritsa kompuresa ngati njuchi n'kuitenthetsa. Jenereta chimodzimodzi, 2.5 kapena 3 kVA. Kajenereta ka mawati 650 kapena 900 kangotsamwa n'kuzima.

Amene ali ndi sola, nthawi yabwino yoyendetsa AC ndi masana dzuwa likuswa mtengo, magetsi akuchokera pa mapanelo osadutsa mu batire. Kuziziritsa makoma a chipinda chotseka kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko kumachepetsa ntchito ya usiku.

Fundi wa Mafiriji:
Chopha makompuresa ambiri si kuthima kwa magetsi koma kubwera kwake. Akabwera ofooka, kapena akathima n'kuyakanso pa masekondi ochepa, kompuresa imayesa kudzuka gasi asanakhazikike, imalephera, mawaya ake amatentha. Makina ambiri ali ndi kudikira kwa mphindi 3 kwa m'kati, ndiye mukayatsa n'kuona fani yokha ikuyenda musaganize kuti yafa. Komabe ikani AVS, kachipangizo kodula magetsi akabwera ofooka kapena opyola muyezo, pakati pa soketi ndi AC, ya ma amp 13. Aja ang'onoang'ono a firiji ena ndi a ma amp 5 okha, werengani kumbuyo musanagule.

Za kusamala. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala, kuphatikiza utsi wa moto wolusa, zimatseka sefa msanga. Masabata awiri aliwonse solorani, tsukani ndi madzi, yanikani pamthunzi. Makina ambiri ali ndi sefa ziwiri, yapamwamba ndi yapansi. Yapansiyo ndi yomwe anthu amaiwala, ndipo ndi imene imateteza mbali yotentha. Ikatsekeka, kuzizira kumachepa pomwe magetsi akukwera.

Muyeso wodziwira ngati makina ali bwino: thermometer pamalo oyamwira mpweya, kenako pamalo otulutsira wozizira, kompuresa itayenda mphindi 15. Kusiyana kukhale madigiri 8 mpaka 12. Kukachepera 6, yambani ndi sefa ndi payipi. Zikakhala bwino koma pa timapayipi ta m'kati pakuchita ayezi mbali imodzi, gasi wathawa. Gasi satha ngati petulo. Akachepa ndiye kuti pali pobooka, ndipo wongothira wina osapeza bowolo akukudyerani ndalama. Ikamangolira "mmm" kenako "thi" osadzuka, kawirikawiri ndi capacitor, kachipangizo kotchipa. Musalole kuti akuuzeni za kompuresa yatsopano asanayeze kameneko.

Zatsopano zambiri zili ndi gasi wa R290, yemwe ndi propane, amayaka. Pa chomata cha kumbali pamalembedwa kuchepa kwa chipinda komwe makinawo amaloledwa. Wowotcherera asayandikize moto asanatulutse gasi yense. Ndipo mukainyamula chogona m'galimoto, iimikeni maola angapo musanayatse, bwino kwambiri usiku wonse, kuti oyilo abwerere mu kompuresa.

Nachisale:
Madzi bwanji a Fundi? Ena akuti imadontha, ena akuti sidontha.

Fundi wa Mafiriji:
Onse akunena zoona, kungoti miyezi yake ndi yosiyana. Makinawa amawaza madzi omwe atulutsa mumpweya pa mbali yotentha kuti auluke ndi payipi. Mu Okutobala mpweya ndi wouma, ndiye simuona dontho. Mvula ikayamba, Disembala mpaka Malichi, chinyezi chimachuluka ndipo amatha kutulutsa lita imodzi pa ola. Kathanki ka pansi kamadzaza, makina amazima okha pakati pa usiku n'kuonetsa FL kapena P1, kutengera mtundu. Kumbuyo chapansi kuli kachivindikiro ka rabara. Lumikizani kapayipi kakang'ono, kwezani makina pa thabwa lolimba la masentimita 15 kapena 20, madzi azitsikira m'chigubu. Kapayipiko kazitsetsereka njira yonse, kakakwera penapake madzi amabwerera n'kunyowetsa pansi. Makinawo akhale owongoka, akapendekeka kachizindikiro ka thanki kamanama.

M'miyezi ya mvulayo yesani Dry m'malo mwa Cool. Nthawi zambiri chovuta chimakhala chinyezi osati kutentha.

Tadala_Soche:
Nanga fani ya madzi ija mwainyoza poyamba, n'njachabechabe?

Che Jafali:
Si yachabe, ili ndi miyezi yake. Imaziziritsa pouluza madzi, ndiye imafuna mpweya wouma. Seputembala ndi Okutobala kuno imagwira, imatsitsa madigiri angapo pa mawati 60 mpaka 100 okha. Koma imafuna zosiyana ndi AC: zenera ndi chitseko zikhale zotsegula, iyo ikhale pafupi ndi zenera kuyamwa mpweya wa panja. Mukaitsekera m'chipinda, pa ola limodzi muli ngati m'bafa momwe wina wangosambamo madzi otentha. Mvula ikagwa yatha ntchito, yasanduka fani wamba. Madzi ake azitayidwa tsiku lililonse. Ndipo musaiyatse limodzi ndi AC, ina ikuthira chinyezi ina ikulipira magetsi kuchichotsa.

Anganga a Chilomoni:
Chimodzi chokha chomwe sindinachimve. Mwati makinawa amakoka mpweya wa m'nyumba yonse kulowa kuchipinda. Nanga magetsi a kuphikira atachepa wina n'kulowetsa mbaula kukhitchini?

Mbewe Wamagetsi:
Agogo mwakhudza chachikulu. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, ndipo AC ya payipi imodzi iukokera kuchipinda chogona kudzera pansi pa chitseko, anthu ali mtulo. Mbaula ikhale panja, ngakhale yooneka ngati yazima. Jenereta nayonso italikire zenera lomwe mwasiya kavent kotsegula.

Che Mabatire:
Kwa amene nyumba ndi yake, ndinene mosapsatira: musagule ya mateyala. Split ya inverter ya 9,000 BTU ikaziziritsa chipinda imatsika n'kumayenda pa mawati 200 mpaka 400, sitaya mpweya wa m'chipinda, phokoso lake lili panja, ndipo imadzuka pang'onopang'ono moti sola imainyamula mosavuta. Pa usiku womwewo imadya theka la ya mateyala kapena kucheperapo. Kugula ndi kumangitsa kumapweteka kamodzi. Ya mateyala kompuresa ili pambali pa bedi lanu, phokoso la madesibo 50 ndi kupitirira, ngati firiji yakale yomwe ikukangana ndi munthu.

Kalipentala wa ku Ndirande:
A lendi amene landilodi wawo ndi womvetsa afunsenso. Split imangofuna bowo limodzi la masentimita 6 kapena 7 kukhoma ndi mabulaketi, podzasamuka fundi amabweza gasi mu makina a panja, mumanyamula zanu, bowo timatseka ndi simenti. Ena amakana chifukwa akuganiza kuti mugumula khoma lonse.

Nachisale:
Wina wafunsa kumbali ngati ya 12,000 BTU ingakwane pabalaza la mamita 5 kwa 6 lolumikizana ndi khonde lopanda chitseko.

Fundi wa Mafiriji:
Masikweya mita 30 akufuna 15,000 mpaka 18,000, ndipo khonde lopanda chitseko likuwonjezera nyumba yonse. Kompuresa sidzapuma, mayunitsi 1.3 pa ola, ndipo azizidwa ndi yekhayo wokhala moyang'anizana nayo. Pabalaza aike fani ya kudenga ya mainchesi 56, mawati 60 mpaka 75, mapiko ake asatsike kuposa mamita 2.3 kuchoka pansi. AC aikankhire kuchipinda, ndipo thabwa la pazenera adulitse asanapite kukagula makinawo, atayeza kukamwa kwa payipi m'sitolo momwemo.